Nkhope ndaidziwa, dzina lathawa

Kuzindikira nkhope ndi ntchito imene ubongo umayamba munthu akadali khanda, ndipo umaigwira osalandira malipiro mpaka ukalamba. Mu 2018, Rob Jenkins ndi anzake a pa yunivesite ya York ku England anapeza kuti munthu wamba amadziwa nkhope pafupifupi 5,000, kuphatikizapo za achibale, aneba ndi osewera mpira. Mlembi wa ndime ino, amene ndi munthu wamba wotheratu, nayenso ali nazo zake 5,000, kungoti zambiri zilibe maina.

Ntchitoyi ili ndi malo akeake. Mu 1997, Nancy Kanwisher ndi anzake anasonyeza kachigawo ka ubongo, chakunsi kuseri kwa khutu, kamene kamachangamuka kwambiri maso akaona nkhope kusiyana ndi akaona nyumba. Ubongo suona mphuno payokha ndi maso paokha, umatenga nkhope yonse nthawi imodzi. N'chifukwa chake mu 1980 Peter Thompson atatembenuza maso ndi pakamwa pa chithunzi cha Margaret Thatcher, kenako n'kuzondotsa chithunzi chonsecho, anthu sankaona cholakwika mpaka atachiimika bwino.

Vuto limayamba pofuna dzina. Vicki Bruce ndi Andy Young anafotokoza mu 1986 kuti kukumbukira munthu kumayenda motsatana. Koyamba mtima umangoti uyu si mlendo, kenako kumabwera za ntchito yake ndi kumene amapezeka, dzina limafika pomalizira. Kwa mlembiyu limafika usiku ali pabedi, mwini dzina atafika kale kwawo. Pakadali pano amapulumukira mawu amene makolo anatisiyira: "Achimwene, mwasowatu! Kunyumba ali bwanji?" Amafunsa chonchi poyembekezera kuti yankho liulula kuti kunyumbako n'kuti. Winayo amangoti, "Ali bwino, kaya kwanu," ndipo awiriwo amasiyana atagwirana chanza mwachikondi, aliyense osadziwa mnzake.

Malo nawonso amathandiza kukumbukira. George Mandler analemba mu 1980 za munthu amene wakumana ndi wogulitsa nyama m'basi, n'kumamuona ngati womudziwa koma osakumbukira kumene anamuona. Zimachitikanso wogulitsa makala akatulukira ku ukwati atavala suti. Mlembiyu amamupatsa ulemu wonse woyenera mkulu wa mpingo.

Pali anthu amene vutoli ndi matenda enieni. Dokotala wa ku Germany, Joachim Bodamer, anawatcha prosopagnosia mu 1947, ndipo akatswiri amati pafupifupi anthu awiri pa 100 alionse amavutika kuzindikira nkhope chibadwire. Oliver Sacks, dokotala wa ubongo, anali nalo vutoli, chimodzimodzinso Jane Goodall. Palinso ena amene akaona nkhope kamodzi saiiwala, moti apolisi a ku London anasankha ena mwa iwo kuti azizindikira akuba pa zithunzi za makamera. Mlembiyu ali m'magulu onse awiri. Munthu amene anakongola ndalama kwa iye amamuzindikira ali kutsidya kwa msewu ku Limbe, ngakhale atavala chipewa ndi magalasi akuda. Koma akaona amene iyeyo anakongolako ndalama, matenda a Bodamer amamugwira mwadzidzidzi, n'kudzachira mwezi ukatha.

Zinyama nazo sizitsalira. Mu 2001, Keith Kendrick ndi anzake a ku Babraham Institute, pafupi ndi Cambridge, anapeza kuti nkhosa imatha kukumbukira nkhope za nkhosa zinzake 50 kwa zaka ziwiri. Mwayi wa nkhosa ndi wakuti palibe inzake imene imaiimitsa panjira n'kuifunsa kuti, "Tanena, ndine ndani?"

Choncho wokumana ndi mlembiyu asataye nthawi ndi funso limenelo. Ayambe ndi kutchula dzina lake, mudzi wa kwawo ndi kumene anaonana komaliza. Wobwera kudzalonjerera ngongole yekha ndiye asavutike, chifukwa ngakhale atatchula ndi mfumu yomwe sizithandiza.