Mlandu wa Gwape

Padangokhala a Njovu, mwini nkhokwe yaikulu kuposa zonse m'nkhalango. Tsiku lina m'mamawa anapeza nkhokweyo itabooledwa, chimanga chitachepa. Chapafupi panali Gwape akudzidyera msipu, ndiye apolisi sanavutike n'kukafufuza kutali.

Woimira boma pa milandu anali a Nungu, amene mafayilo anali atawakwirira mpaka kungotsala minga. A Njovu anawamvera chisoni. "Pumulani, achimwene. Ndibweretsa loya wanga, a Fisi, aimire boma pa mlanduwu. Malipiro ndi anga, boma lisatayepo ndi khobidi lomwe." A Nungu anasaina asanawerenge n'komwe.

Pangano la a Njovu ndi a Fisi linali lakuti dengu limodzi pa tsiku lililonse la kukhoti, matumba khumi Gwape akalowa m'ndende. Kumasulidwa kwa Gwape kunalibe mtengo.

A Fisi ntchito ankaidziwa, tisawanamizire. Atapita kunkhokwe anapeza podinda phazi lozungulira, lalikulu ngati lichero, saizi yeniyeni ya mwana wachisamba wa a Njovu. Woimira boma akapeza umboni wotere amayenera kuuonetsa kwa woimbidwa mlandu, ngakhale ukhale wogwetsa mlanduwo. A Fisi anakhala pansi pomwepo kuti aganize bwino. Podzuka, phazi lija panalibe.

Gwape anapatsidwa loya waulere, a Kamba, amene anafika kukhoti tsiku lachitatu mboni zitatha kale kulankhula.

"Bwana woweruza," anatero a Kamba kwa a Ng'ona, "woimira boma ayenera kufuna choonadi, ngakhale chimasule Gwape. Waganyu amafuna chimene bwana wake akufuna. Nanga a Fisi akumvera ndani? Anthu nawo anazionapo zimenezi. Mu 1987 khoti lalikulu la ku America linathetsa chigamulo china chifukwa maloya a kampani ya Louis Vuitton ndiwo anaimira boma pozenga anthu amene ananyoza chiletso chokopera zikwama zake zachikopa."

A Ng'ona atamva za zikwama zachikopa anasunthasuntha pampando, napempha kuti mfundoyo ifupikitsidwe.

A Kamba anapitiriza: "Ku Britain, pakati pa 1999 ndi 2015, Post Office inkadzizengera yokha milandu. Mazanamazana a oyang'anira mapositi ofesi anapezeka olakwa pa ndalama zimene kompyuta ndiyo inasokoneza powerengera. Nyumba ya malamulo inafafaniza milanduyo mu 2024, ena atamwalira kale."

A Ng'ona anagamula kuti a Kamba anena zoona: loya wodya za wodandaula asaimirenso boma m'nkhalango muno. Nyama zinaomba m'manja, Gwape mpaka analira.

Madzulo omwewo a Fisi analemba kalata yosiya ntchito kwa a Njovu. M'mawa mwake a Nungu, mafayilo akadali pamsana, anawalandira ngati loya wongodzipereka, wosalandira kanthu. Ndipotu madengu anasiyadi kupita kwa a Fisi. Anayamba kupita kwa akazi awo, amene anali atangotsegula chigayo.

Gwape anamugamula zaka zisanu. A Kamba akuti achita apilo, ndipo ananyamuka kale ulendo wa kukhoti lalikulu.

Kunkhokwe chimanga chikusowabe, mwana wa a Njovu wanenepa mpaka akulephera kulowa pakhomo. Sabata yatha apolisi anagwira Insa. Mlandu wake uyamba Lolemba, ndipo woimira boma ndi a Fisi.