Kamvedwe Koyenera ka Nyimbo za ku Balaka

Nyimbo ya chamba cha ku Balaka ili ndi mbali ziwiri: ya miyendo ndi ya mutu. Womvera wozindikira amayamba ndi ya miyendo, ndipo akakhala wochenjera amalekera pomwepo.

Chambachi chinakulira mu Alleluya Band, gulu lomwe linayamba mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wochokera ku Italy. Paul Banda ndiye ankatsogolera, ndipo mng'ono wake Lucius anasulidwira momwemo asanayambitse Zembani Band. Mayinawa ngofunika kuloweza, poti munthu akawatchula mokweza pabawo palibe amamufunsanso zomwe nyimbozo zikunena.

Malo abwino omverera ndi mpando wakumbuyo wa minibasi yochoka ku Balaka kupita ku Liwonde, pomwe sipika yong'ambika yamangidwa ndi linya pafupi ndi thumba la matemba. Besi imalowera kumsana, mawu n'kumatulukira pawindo. Wokwera azingogwedeza mutu motsatira kondakitala, amene akuomba ng'oma padenga uku atabisa chenji m'zala. Pofika pa mlatho wa Shire amakhala atamaliza maphunziro.

Vuto limabwera mawu akamveka mwangozi. Nyimbo ya Lucius ya "Mabala" imakamba za nkhanza za ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo chimbale cha Cell 51 Maximum chinatenga dzina ku chitokosi cha ndende ya Zomba, komwe Lucius anatsekeredwa mu 2006. Zotere zimalemetsa phazi. Mankhwala ake ndi lamulo limodzi: nyimbo nthawi zonse imanena wina. Ikadzudzula katangale, ikunena a chipani chinacho. Ikadzudzula mwamuna wachimasomaso, ikunena alamu. Andale ndiwo akadaulo pa lusoli: amavina kutsogolo kwenikweni, n'kufupa woimba ndi ndalama zomwe nyimboyo ikufunsa kuti zinapita kuti.

Wolephera luso limeneli amathamangira kuletsa nyimbo pa wailesi, monga MBC inachitira ndi za Lucius m'nthawi ya Bingu wa Mutharika. Njirayi njolakwika, chifukwa nyimbo ikaletsedwa ngakhale ovina amakhala pansi n'kutchera khutu.

Kumvetsa tanthauzo kumaloledwa pokhapokha woimbayo akatisiya. Lucius Banda anamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa, choncho tsopano aliyense ali ndi ufulu womutcha mneneri, bola asatchule zomwe analoserazo.