Ndalama Siziwerengeka, Atero Angerezi

Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 8, ndiye chaka chino nyumba yonse ikulemba mayeso a MANEB. Ine anandipatsa udindo wa Chingerezi, poti pakhomo pano ndine ndekha amene ndimati "actually" ndikamakangana ndi kondakitala za chenji. Phunziro lathu linali mitundu ya mayina, amene Angerezi amati ma noun.

Tinayamba ndi zosavuta. Proper noun, dzina lamwinimwini, limayamba ndi chilembo chachikulu: Zomba, Shire, Monday. Common noun ndi ena tonsefe, munthu, mbuzi, benchi. Ajeremani amapatsa chilembo chachikulu dzina lililonse, ngakhale la supuni, ndipo olemba Chingerezi a m'zaka za m'ma 1700 ankachitanso chimodzimodzi. Malamulo oyendetsera dziko la America a mu 1787 adzaza ndi mayina wamba oyamba ndi zilembo zazikulu. Kenako ulemuwo anaulanda n'kuusiyira ochepa. Ine pamaliro amandiitana kuti "inu a jekete yofiira, tanyamulani mabenchi", choncho gulu langa ndikulidziwa.

Zokhudzika ndi zosakhudzika, concrete ndi abstract, sitinachedwepo. Mwala umakhudzika, chilungamo sichikhudzika. Mwana anafunsa kuti nanga "salary" ili mbali iti. Ndinamuuza kuti pa 27 imakhudzika, koma pofika pa 3 mwezi wotsatira imakhala yalowa gulu la chikondi ndi chiyembekezo, timangokhulupirira kuti iliko.

Mkangano wanga ndi Angerezi uli pa countable ndi uncountable, zowerengeka ndi zosawerengeka. Buku likunenetsa kuti "money" siwerengeka, sungati "one money, two moneys", uyenera kuwerenga makwacha kapena mapaundi. Amene analemba lamulo limeneli sanapisepo dzanja m'thumba mwanga. Ndalama zanga zimawerengeka bwinobwino, ndipo ntchitoyo sitenga nthawi. Mayi a kunyumba amaziwerenga ndi maso okha, akangoona mmene ndatsegulira chitseko.

"Furniture" nayonso akuti siwerengeka. Abwere adzaone pabalaza panga, mwana wa ku mkombaphala awawerengere asanamalize chikondamoyo. "Luggage" chimodzimodzi, pomwe kondakitala amawerenga katundu aliyense n'kumulipiritsa mpando, ndi nkhuku yomwe. Pa "advice" pokha ndinavomereza ndi mtima wonse. Malangizo a apongozi anga aakazi palibe anawawerengapo n'kufika kumapeto.

Chilipo chimodzi chimene ndikuwathokoza. Thalauza lopitira kutchalitchi ndili nalo limodzi, koma Chingerezi sichilola kuti likhale limodzi, chimati "trousers", zambiri. Chilembereni MSCE, aka n'koyamba chilankhulo chimenechi kundiwonjezera katundu.

Zochulukitsa zina n'zamwano basi. "Mouse" akachuluka ndi "mice", koma "house" zikachuluka si "hice". "Sheep" ikhale imodzi, likhale khola lonse, ndi "sheep". Akuti ndi zotsalira za Chingerezi chakalekale zimene zinakana kusintha. Ndipo anthu omwewa akamaphunzira Chichewa amadandaula kuti magulu athu a mayina, Mu-A, Chi-Zi, Ka-Ti, ndi ovuta. Chikhala n'chovuta chiyani pa kamwana ndi tiana?

Collective noun, dzina launyinji, ndiye pamene anachita kusewera. Ife timati gulu, khamu, msambi, zatha. Iwo mikango ikakhala pamodzi ndi "pride", atsekwe ndi "gaggle", nsomba ndi "school" ngakhale sizinalipireko fizi, akhwangwala ndi "murder". Ambiri mwa mayinawa anachokera kwa mabwana osaka nyama, ndipo mndandanda wake wotchuka unasindikizidwa mu 1486 m'buku lotchedwa Book of Saint Albans. Munthu wapamwamba ankadziwika potchula gulu la nyama molondola. Mpaka lero sanagwirizane okhaokha: ku Britain amatha kunena "the team are", ku America amaumirira "the team is", koma wofunika kukhoza zonsezi ndi mwana wanga.

Pofuna kuonetsa nzeru, ndinamuuza kuti Angerezi ndi luntha lawo lonse anaiwala kupeka dzina la gulu la anthu ofuna ngongole zawo, aja amafika Loweruka m'mawa n'kukhala pakhonde osavula zipewa. Mwanayo sanadzutse n'komwe mutu pa kope lake.

"Dzina lilipo kale, adadi. Amayi amati anzanu aja."