Maliro a Buster ku Randburg

Achimwene,

Kuno tili pa chisoni, koma musathamangire kwa amfumu kuti aitane adzukulu. Wamwalira ndi galu.

Ndikudziwa mwayamba kale kuseka. Sekani, koma mumve kaye.

Galuyu dzina lake anali Buster. Adona amene ndimawasamalira maluwa anakamutenga ku SPCA, bungwe losunga ziweto zosokera ndi zotayidwa. Kumeneko sungangopita ndi nkhuku m'khwapa n'kubwerako ndi kagalu. Asanawapatse, kunabwera anthu kudzayendera nyumba: mpanda ngwolimba? Mthunzi ulipo? Azigona pati? Ngakhale ankhoswe a alamu sanakupanikizeni chomwechi muja munkafunsira mbeta. Kenako anamufula, anamubaya katemera wa chiwewe, n'kumuika kachipangizo pansi pa khungu la pakhosi, koti akasochera makina aziwerenga kuti mwini wake ndani. Analinso ndi kabuku kake ka kuchipatala, ka zidindo zonse.

Ndiye taganizani: pa nyumba imeneyi galu mapepala ali nawo, ine mng'ono wanu masiku a m'pasipoti anatha kalekale. N'chifukwa chake ntchito yomuyendetsa madzulo sindinkaikana. Munthu wogwira chingwe cha galu wonenepa, apolisi amangomudutsa. Anzanga ena anakagona ku Lindela, kosungirako ogwidwa opanda mapepala, ine Buster anali chitupa changa.

Anabwera ali wokalamba kale, khutu limodzi long'ambika, kukamwa kuli mbuu ndi imvi. Adona ankamugulira chakudya cha m'matumba chodula kuposa ndiwo zanga za mwezi, koma iye mtima unali pa usipa umene munkanditumizira pa basi. Ndikangoukazinga, uyu wafika pakhomo pa kachipinda kanga, wakhala chete, mchira wokha ukusesa pansi. Chichewanso anachidziwa. Adona akakuwa m'Chingerezi ankangowayang'ana, koma ine ndikati "choka apa iwe!" ankasuntha pang'ono n'kugonanso. M'nyengo yozizira ya Juni, imene kuno udzu umachita kuyera ndi chisanu, ankagona pamapazi panga. Madandaulo anga onse anawamva iyeyu, za ngongole ya feteleza, za mitengo ya fodya, ndipo sanakaululepo kwa munthu.

Miyendo itayamba kumukanika, dokotala wa ziweto ananena kuti basi, n'kumubaya jakisoni wogonetsa. Mtembo anakautentha, phulusa linabwera m'kabokosi kosalala kolembedwa dzina. Loweruka kunali mwambo m'munda wa maluwa. Ine ndinakumba dzenje lobzalamo mtengo wa mandimu, mdzukulu ndekhandekha, popanda ndi nkhuku yomwe. Adona akulira anandipempha kuti ndiyankhulepo. Ndinavula chipewa n'kuyamba monga timachitira kwathu: kuthokoza amfumu, amene panalibe, kuthokoza a mpingo, amenenso panalibe, kenako kufotokoza kuti malemu anadwala nthawi yochepa ndipo sanasiye ngongole. Ndinayankhula m'Chichewa, azungu n'kumagwedeza mitu mwaulemu. Koma nditafika pa usipa mawu anandithera, misozi inatsika yeniyeni. Izi musakawauze anyamata a pa bawo.

Chakudya cha pamaliro? Tiyi ndi kakeke kamodzi. Nsima ayi, nyemba ayi. Ndinagona ndi njala.

Tsopano ndifike pa nkhani. Usiku umenewo ndinaganiza za Mumandida wathu. Galu ameneyo amagona pachigafa kuyambira tsiku limene mwapachika fodya woyamba mpaka mabelo akwera lole ya ku Chinkhoma. Mbava zimamudziwa, afisi ochokera kunkhalango ya Kasungu amamudziwa. Njovu 263 zimene anazisamutsira kumeneko kuchokera ku Liwonde mu 2022 zokha ndiye sindingamunamizire, zimenezo amauwa ali kuseri kwa nkhokwe. Malipiro ake n'chiyani? Makoko a mumphika, ndi mwala akayandikira pamphasa. Cheke cha fodya chikatuluka mumagula njinga, wailesi, nsapato zosongoka, mlonda wanu nthiti zikuwerengeka.

Musanene kuti izi n'zachizungu zimene zandilowa m'mutu. Ku Lilongwe komweko kuli bungwe la LSPCA limene limasamala agalu ndi abulu a Amalawi anzathu. Ndipo chiwewe si nthabwala: chikangoonekera mwa munthu, mankhwala palibe, pamene ana anu amasewera naye galuyo tsiku lililonse.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru. Gawo lalikulu mulipire jeke ndi ziguduli. Yotsalayo ndi ya Mumandida: mugule gaga, alamu azimuphikira yakeyake, ndipo alangizi a ziweto akalengeza za katemera mupite naye nokha, osatuma mwana. Ndikamva kuti ndalama ya galu yathera pa Kasungu boma m'mabotolo, foni ija munapempha muiwale.

Munditumizire chithunzi chake pa WhatsApp, ataima chammbali kuti ndione nthitizo. Moni kwa amayi.

Ine mng'ono wanu,
wa ku Joni