Fodya wa Pachala kwa Chulu

Kwa Chulu palibe amene angaphunzitse mnzake za fodya. Mwana amakula akuona nazale, chigafa, kusoka masamba, mpaka mabelo akwera lole ya ku Chinkhoma. N'chifukwa chake mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, sufuna womasulira kuno. Makolo ankanena za fodya wofwenkha, koma mlimi wa lero amaumva bwino lomwe: belo lisanagulidwe ku okishoni si ndalama, likhoza kubwezedwa.

Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo akangolowa m'vidiyo shoo Loweruka madzulo, nzeru zonsezi amazitsamiritsa panja pamodzi ndi njinga.

Taonani wochemerera Arsenal. Mu ligi ya 2022/23 timu yakeyo inakhala pamwamba masiku 248. Bamboyu chikho anali atachilandira kale mumtima, anzake a Manchester United atawatha ndi chipongwe, mbuzi ya chikondwerero atailoza ndi chala. Manchester City inadzadutsa mwakachetechete n'kutenga ligi. Chaka chotsatira Arsenal inapeza mapointi 89, City 91. Mu 2025 inatheranso pa nambala 2, ulendo uno kumbuyo kwa Liverpool. Mbuzi ija inabereka kawiri ikudikira mpeni.

Za Flames ndiye zimapweteka mosiyana, poti ndi magazi athu. Pa 25 January 2022 ku Yaoundé, Gabadinho Mhango anaona goloboyi wa Morocco wasuntha pagolo, n'kuponya mpira kuchokera kutali, pafupifupi mamita 40. Inali mphindi ya 7 yokha. Amene ankamvera pa wailesi anadumpha osadziwa n'komwe kuti chigolicho chakoma bwanji, ndipo ena anayamba kufunsana kuti mu ndime yotsatira tikumana ndi ndani. Youssef En-Nesyri anabweza asanapite kopuma, Achraf Hakimi n'kumenya firikiki pa mphindi ya 70. Zinathera 2-1. Chigoli cha Mhango mpaka lero chimakambidwa ngati kuti tinapambana, ndipo wokumbutsa anzake mmene masewerowo anathera amaonedwa ngati wopanda mwambo.

Ngakhale a Maule anaphunzira mochedwa. Atatenga ligi kasanu motsatizana, anayamba kuiyesa katundu wa m'nyumba mwawo, mpaka Silver Strikers inadzawalanda mu 2024.

Tsono fodya wa pamphuno alipo, kungoti wochemerera wathuyu samuona chifukwa akubwera ndi amayi. Mu October 2023 Scorchers inagonjetsa Zambia 2-1 n'kubweretsa chikho cha COSAFA, chikho chenicheni chogwirika ndi manja. Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, n'kukachitanso chimodzimodzi ku France ali ku Paris Saint-Germain. Mng'ono wake Temwa anafika ku Kansas City Current mu 2024, n'kumwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America, kuposa 18 zomwe Sam Kerr anasiya ngati malire. Anamusankhanso kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho.

Ku ntchemberembaye nkhani ndi yomweyo. Mu 2018 ku Gold Coast, Queens inaswa New Zealand 57-53, dziko limene pa masewerowa ena amangolimva dzina n'kuyamba kutuluka thukuta. Chaka chomwecho Anisha Basheel anapita ku London n'kukatenga lamba wa nkhonya wa Commonwealth.

Mufunseni bambo uja za zimenezi, ayankha kuti, “Inde achimwene, atsikana aja akuyesetsa,” kenaka n'kufunsa ngati Saka wachira.

Tisamunamizire zonse. Temwa akamasewera madzulo ku Kansas City, kwa Chulu kumakhala kuli pakati pa usiku, jenereta itazima kale, ndipo munthu woti m'mawa akathyole fodya sangadikire tambala woyamba chifukwa cha mpira. Koma chifukwa chimenechi sichigwira pa Scorchers, yomwe imasewera masana dzuwa likuswa mtengo.

Kubetcha pafoni ndiye kwawonjezera matendawa. Munthu amasanja matimu khumi pa tikiti imodzi, ena a m'mayiko amene sangawaloze pa mapu, n'kuyamba kuwerengera malata ndi matumba a feteleza. Matimu asanu ndi anayi akawina amayenda mokhwimitsa mapewa, moni akuyankha mochedwa. Yakhumi imagoletsedwa pa mphindi ya 93. Mayi a kunyumba, amene anamva kale za malatawo m'mawa, amangopakula nsima osafunsa kanthu.

Sabata yomweyo mwana wake wamkazi, amene amazunguza anyamata pa bwalo la sukulu ndi mpira wa majumbo, anapempha kuti amugulire mpira weniweni. Bambo anamuyang'ana mwachifundo, n'kumuuza kuti adikire kaye Lamlungu, Arsenal ikusewera pakwawo.