Olemekezeka Madzi Athu a Mchere

Kwa Mwambo kuno ulemu timaudziwa. Mfumu timaiombera m'manja, phungu timamuvinira ngakhale atabwera chimanjamanja, ndipo mlamba wowamba timaukulunga bwinobwino popita nawo kwa apongozi. Koma alipo akuluakulu ena omwe takhala nawo zaka zonsezi osawathokoza ngakhale kamodzi: madzi a mchere a pamjigo. Amayi akawalawa amakwinya nkhope n'kulavula. Anyamata amawatchula mayina oti sangalembedwe m'magazini. Mlandu wawo umazengedwa tsiku ndi tsiku eni ake osapatsidwa mpata, ndiye lero ndati ndiwaimirire pabwalo.

Choyamba, madzi amenewa si obwera. Nyanja ya Chilwa ilibe potulukira. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani, yonseyo imathira momwemo, ndipo palibe mtsinje ngakhale umodzi wotengako madziwo kupita nawo kwina. Kalekale ankatulukira kumpoto cha ku Chiuta, koma mchenga unaunjikana n'kutseka khomo. Chiyambire pamenepo, madzi akalowa m'Chilwa njira yotulukira ndi imodzi basi, yokwera kumwamba ndi dzuwa, ndipo dzuwa silinyamula mchere. Mcherewo umatsala m'nyanja, m'dothi la m'madambo, mpaka pansi pomwe mjigo umakayamwa. David Livingstone atafika panyanjayi mu April 1859 analemba kuti madzi ake ndi owawa. Ndi madzi angati m'Malawi muno omwe angaloze buku la mzungu wotchuka n'kunena kuti ine ndinamukwinyitsa nkhope ameneyu? A ku Mulunguzi, omwe anzathu a mumzinda wa Zomba amanyadira m'mipope yawo, angotsika dzulodzuloli kuchokera m'phiri. Alibe kukoma kulikonse, alibenso mbiri.

Chomwe chandilimbitsa mtima n'zimene amachita anthu osunga nsomba m'nyumba kumayiko a azungu. Nsomba zake si zandiwo ayi. Amaziika m'thanki yagalasi pabalaza, n'kumaziyang'ana zikusambira, ndipo zina mwa zomwe amazikonda kwambiri ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe zakhala zikuchoka ku Salima n'kukakwera ndege kwa zaka zambiri pomwe ife eni dziko pasipoti tilibe. Munthu wa ku London kapena ku Berlin sangangotunga madzi pampope n'kuponyamo mbuna. Amayamba wachotsa klorini. Amaika makina osefera, amaika kachipangizo kotenthetsa kuti madzi akhale cha m'ma digiri 25, kenako amadikira masabata angapo thanki ili yopanda nsomba kuti tizilombo tabwino tochotsa poizoni wa m'ndowe za nsomba tiswane m'sefa. Akatero amatenga kabotolo, amatapa madzi pang'ono, n'kumadonthezamo mankhwala akuwerenga madontho mpaka mtundu utasintha. Akuyesa kuchuluka kwa kashiamu ndi maginiziyamu, zomwe pamabotolo awo amalemba kuti GH, ndi mphamvu ya madzi yokana kusanduka asidi, yomwe amalemba kuti KH. Digiri imodzi pamuyeso wawo ndi pafupifupi mamiligalamu 18 a laimu m'lita imodzi.

Nsomba za m'mitsinje ya Amazon, monga neon tetra ndi discus, zimafuna madzi opepuka, opanda miyalamiyala yosungunuka. Mbuna zimafuna a pH ya cha m'ma 8. Ndiye mwini thanki akapeza kuti madzi a pampope wake ndi opepuka, amapita kusitolo. Amagula miyala ya laimu, amagula zigoba za m'nyanja zophwanyaphwanya, amagula timapaketi ta mchere tolembedwa dzina la dziko lathu. Ena amathiramo soda, yemweyu wa therere. Mwamva? Munthu akutulutsa ndalama m'thumba kuti aononge madzi abwinobwino afanane ndi omwe ife timapopa ulere kuseri kwa sukulu.

Katswiri andidula mawu pano kuti mchere wa m'ndiwo ndi china, kashiamu ndi china, ndipo mbuna itaponyedwa m'ndowa ya pamjigo wathu singachedwe kuyang'ana kumwamba. Zoona, bwana. Koma madzi athu si aumbombo oti n'kusankha chimodzi. Kukamwa amakupatsa mchere, ndipo ukasuzumira m'ketulo ya kutiyirumu pa Jali upeza chikhungwa choyera chitamata pansi, choti pochichotsa pamafunika mpeni. Ameneyo ndi laimu yemwe uja wogulidwa ndi mapaundi. Ife timamupala n'kutayira nkhuku.

Nanga ntchito zomwe amagwira m'mudzi? Si mijigo yonse kuno ili ya mchere, ndipo ya madzi okomayo ndi imene imabweretsa mavuto. Pitani pamjigo wokoma m'mwezi wa October: ndowa zandandalikana kuyambira tambala woyamba, wina wasuntha chigubu cha mnzake, mawu akwera, nkhani ya chigubu yasanduka nkhani ya mwamuna wa uje, madzulo ake anthu ali kwa a nyakwawa. Pamjigo wa mchere pali bata. Palibe mzere, palibe ndewu, palibe miseche. Mbuzi zimagona pasimenti mosatekeseka. Komiti yake simavutitsa anthu ndi ndalama ya pamwezi, poti ndani angasonkhe? Msungichuma wake sanayambe wanenedwapo kuti wadya ndalama. Ndiuzeni komiti ina m'boma lonse la Zomba yomwe ili ndi mbiri yoyera chonchi.

Pankhani ya sopo ndiye amatiphunzitsa kudzichepetsa. Kashiamu akakumana ndi sopo wamtanda amamangana naye n'kupanga zoterera zotuwa zoyandama pamwamba, thovu osatuluka. Mayi amakhula, amakhula, sopo akutha, malaya a sukulu ali chituwire. Ena amati uku n'kuwononga. Ine ndimati n'chilungamo: mwana wa a hedi ndi mwana wa msodzi amalowa m'kalasi ndi yunifolomu yotuwa mofanana, khungu lotuwa mofanana, ndipo ogulitsa sopo pagolosale amadyetsa ana awo. Nyemba nazo zimaphunzira khalidwe. Kashiamu amalimbitsa khungu lake, mwakuti zotereka m'mawa zimafika masana zikulirabe mumphika ngati timiyala, nkhuni zikungopita. Banja lodikira nyemba zotere limacheza, limadziwana, ana amamva nthano zonse za agogo awo mpaka kubwereza.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Kwina konse mwambiwu umanama, chifukwa alipo alamu omwe amabwera kudzaona odwala n'kukhala mpaka kukolola. Kuno ayi. Alamu a ku Blantyre mukawalandira ndi kapu ya pamjigo wathu, n'kuwafululira tiyi woti shuga wake akulimbana ndi mchere, m'mawa mwake amakumbukira okha kuti kuntchito kuli msonkhano.

M'nyanja ya Chilwa momwemo madziwa ndi woyang'anira mayeso wosalandira chiphuphu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, yonyezimira, yokongola, yosachedwa kudwala. Pakati pa Chilwa pamalamulira atatu okha: matemba, makumba ndi mlamba. Enawo amakhala m'mitsinje ndi m'mabango a m'mphepete, komwe madzi ndi okomerako. Mvula ikavuta nyanja imaphwa, mchere umachuluka m'madzi otsalawo, matope amavunduka, mpweya umachepa. Mu 1968 inaphweratu, mu 1995 chimodzimodzi, ndipo mu 2012 ndi 2018 mabwato a pa Kachulu anagonanso pamatope, anthu n'kumapita kuchilumba cha Chisi modutsa m'ngalande zokumba. Nsomba zambiri zinafa. Zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje, mlamba n'kumapuma mpweya wa kumtunda monga mwa mwambo wake, ndipo madzi atabwerera atatu aja anabwereranso n'kudzaza nyanja. Palibe anawawerengera madontho. Palibe anawagulira chotenthetsera.

Pali mlandu umodzi womwe adani a madziwa amaukonda, ndipo sindiuzemba. Amati mjigo ukakhala wa mchere anthu amausiya n'kukatunga kumtsinje, m'ngalande za mpunga kapena m'zitsime zosaphimba, komwe madzi ndi okoma kukamwa koma onyamula kolera. Amatinso asodzi a m'zimbowera, tinyumba toyandama tija, amamwa nyanja yomweyo imene amachitiramo zina zonse, n'chifukwa chake matendawa sachedwa kubuka kuno. Izi n'zoona. Koma taonani yemwe ali wosalakwa pankhaniyi. Madzi a mchere sanamize munthu. Kuipa kwawo amakuuza pakamwa pomwepo, tsiku loyamba. Kuwawiritsa kumangogwetsako laimu, mchere umatsala. Klorini amapha tizilombo, mchere samaukhudza. Iwo amakhala momwe alili. Onama ndi a kumtsinje aja, ooneka mbee, okoma, omwe amakutumiza kutenti ya kuchipatala. Ndipo ngati pali wofunika kufunsidwa, ndi uja anabwera ndi chigalimoto chobowolera, anakumba pomwe panamukomera, osalawa n'komwe, n'kukhoma chikwangwani cha mwambo wotsegulira. Patsikulo panali nyimbo, magule ndi zolankhula. Mlendo wolemekezeka anapopa katatu, anajambulitsa, n'kumwa madzi a m'botolo omwe anabwera nawo m'galimoto. Anthu ena anaona ngati chipongwe. Ine ndinaona ulemu: madzi akuluakulu chonchi samwedwa ndi munthu wongodutsa.

Pempho langa kwa a T/A Mwambo ndi makomiti a chitukuko ndi ili. Mpunga wa ku Likangala timagulitsa, matemba timagulitsa, mbalame za m'dambo timagulitsa. Chuma chokhacho chomwe sichitha ngakhale chilala chivute ndi chomwe tikuchisiyira mbuzi. Tiyeni tipale chikhungwa cha m'maketulo onse kuyambira pa Jali mpaka pa Kachulu, tichisinje, tichiike m'timapaketi, tijambulepo nsomba yabuluu, tilembepo Chingerezi chambiri. Omwe akufuna madzi enieniwo, osasakaniza ndi kanthu, abwere ndi zigubu zawo. Angokumbukira kutenganso spanala, chifukwa zitsulo za mjigowo zinadyeka ndi dzimbiri chaka chatha ndipo mpaka pano palibe wadandaula.