Ulemu kwa Dzimbiri, Woyendera Nyumba wa ku Point

Mwa onse oyendera nyumba mumzinda wa Durban, palibe wakhama ngati dzimbiri, ndipo n'zamanyazi kuti khonsolo ya eThekwini sinalipatsebe ofesi. Likulu lake lili ku Point, dera lopanikizika pakati pa doko ndi nyanja, kumene mphepo imasenza mchere n'kuupaka pa chitsulo chilichonse cha pakhonde. Silisankha nkhope: mafulati otopa a mumsewu wa Mahatma Gandhi limawayendera mofanana ndi nyumba zonyezimira zoyandikana ndi uShaka Marine World, imene inatsegulidwa mu 2004. Umboni wa luso lake ulipo. Akatswiri a bungwe la kafukufuku la CSIR atayanika zitsulo panja kwa zaka 20 m'madera osiyanasiyana, za ku Bluff, kutsidya kwa khomo la dokoli, zinadyeka kwambiri kuposa za ku Pretoria.

Woyendera wa boma amabwera ndi tepi. Malamulo a zomangamanga a SANS 10400 amati chotchinga cha pakhonde la m'mwamba chisachepere mita imodzi kutalika, ndipo mipata yake isalole mpira wa mamilimita 100 kudutsa, kuopa kuti mwana angapyolepo. Akayeza amasaina, ulendo. Koma tepi sidziwa zimene penti yabisa. Dzimbiri ndilo limatsalira, usana ndi usiku, ndipo chiphuphu silidya, limadya chitsulo basi. Kodi kontilakitala analonjeza sitenilesi ya 316, yokhala ndi molybdenum wopirira mchere, n'kuika 304 yotsika mtengo? Mathothomathotho ofiirira amuulula. Kodi wowotcherera anadula paipi yoviikidwa kale mu zinki wosungunuka, n'kusiya poyera pamene walumikizapo? Mzere wofiira uyambira pomwepo. Ndi bwalo liti la milandu linalozapo wolakwa molunjika chonchi?

Ena adzati wakupha satamandidwa, pakuti chitsulo chodyeka chimathyoka munthu atachitsamira pansanjika yachisanu ndi chitatu. N'zoona, ndipo si nkhani yoseketsa. Koma ndi chigawenga chiti chimene chimachenjeza zaka zingapo chisanabwere? Dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chimene ladya, motero pamene nsanamira yazikidwa mukonkire limang'amba simenti, n'kutsitsa mizere yofiira pakhoma kuti ngakhale wodutsa mumsewu aone. Zimene limapempha n'zochepa: wina agwedeze chogwirira cha pamasitepe ndi dzanja, agogode patsinde pa nsanamira ndi hamala, atseke timaenje timene madzi amadikhamo, azitsuka mcherewo ndi madzi apampopi (inde, ngakhale sitenilesi imafuna kusamba). Mwini nyumba amene wayankha chenjezo lonseli ndi chitini cha penti yakuda ndiye ayenera kukayankha mlandu, osati mboni imene waitseka pakamwa.

Zakuti limawonongetsa ndalama, walira mvula walira matope: wofuna kuonera sitima zikulowa padoko ali pakhonde wagulanso mchere wake. Ndalamazo sizigwera m'nyanja, zimathera m'manja mwa owotcherera ndi opaka penti, ena mwa iwo Amalawi anzathu osaka maganyu m'tauniyi. Eni chuma ena athawira ku zotchinga za galasi ndi aluminiyamu poganiza kuti woyenderayu amuchotsa ntchito. Iye sakwiya. Amadziwa kuti galasi siliima lokha, ndipo amapita kukayang'ana mabawuti.